Wowotcherera Zitsulo pa Bedi 6

Lachiwiri, pa 6

Andigoneka lero masana, bedi 6, pafupi ndi zenera. Wandibweretsa ndi mwana wanga wachisamba, wamkaziyu. Pakhomo la wodi anamubweza, poti achibale salowa kuno. Anandiponyera chikwama ali patali, n'kuyamba kulira. Ndinafuna kumukalipira kuti asandilire ndili moyo, koma chifuwa chinandidula mawu pakati.

M'thumba la jekete ndapeza kabuku kanga kolembamo miyeso ya mageti ndi mawindo, pensulo yake ili momwemo. Masamba ambiri ngosalembedwa. Ndizilembamo za kuno, manja anga sanazolowere kungokhala.

Andipana chala ndi kachipangizo koyeza mpweya m'magazi, kamene odwala muno amakatchula kuti kankhanu. Kawerenga 84. Akuti munthu wabwinobwino amayambira pa 95. Kutentha thupi 39. Andiika timapaipi m'mphuno, malita 5 pa mphindi.

Zaka 31 ndakhala ndikudula zitsulo ndi okosijeni. Ndimamudziwa ngati mlamu wanga. Sindinaganizepo kuti tsiku lina ndidzamumwa ndi mphuno.

Lachitatu, pa 7

Muno muli mabedi 14, onse odzaza, anamwino awiri okha pa nthawi imodzi. Avala zovala zapulasitiki kuyambira kumutu mpaka kumapazi, timangoona maso. Amatuluka thukuta mpaka limadontha m'magolovesi, koma sangavule kapena kumwa madzi kufikira nthawi yawo itakwana.

Amene amatisamala mbali ino odwala anamupatsa dzina loti Kamphepo, chifukwa ukamuitana ali uko, usanatseke pakamwa wafika kale. Ndi wamfupi, mawu ake ngamwana, koma akalamula umangomvera. Wamkulu wawo ndi Sisitala, mayi wamtali wosaseka.

Kumanzere kwanga, bedi 5, kuli aphunzitsi opuma pantchito. Sayankhula, ali pa chigoba chachikulu cha mpweya chokhala ndi thumba. Amangogwedeza mutu mwaulemu. Kumanja, bedi 7, kuli abutcha, munthu wathupi, wanthabwala. Atangomva ntchito yanga anati ndiwawotcherere bedi lawo, likulira ngati apongozi awo.

Kankhanu: m'mawa 88, madzulo 87. Jakisoni wa pamimba woletsa magazi kuundana. Mapiritsi atatu ang'onoang'ono ochepetsa kutupa kwa mapapo.

Lachinayi, pa 8

Ndakangana ndi Kamphepo. Amafuna ndigone chafufumimba maola ambiri patsiku, akuti mapapo akumsana amatseguka bwino ukatero. Ndinamuuza kuti chibadwire ndimagona chagada, ndipo sindingayambe kugona ngati khanda ndili ndi zidzukulu. Anandisiya chagada, n'kundipana kankhanu, n'kundionetsa: 86. Kenaka anandithandiza kutembenuka, pilo wina pachifuwa, wina kumiyendo, n'kukhala pambali osachoka. Patatha mphindi khumi anandionetsanso: 92.

"Bambo, inu ndi munthu wa miyeso," anatero. "Kanganani ndi kameneka, osati ine."

Ndagona chafufumimba mpaka madzulo. Khosi likuwawa.

Amayi akunyumba atumiza msuzi wa nkhuku ndi malalanje, amasiya kugeti atalemba nambala ya bedi. Sindikumva kukoma kapena fungo, zonse ngati ndikutafuna thonje. Abutcha anandithandiza nkhukuyo, n'kudandaula kuti amene anaidula sadziwa mpeni.

Lachisanu, pa 9

Adokotala aona chithunzi cha chifuwa. Akuti mapapo onse awiri ayera ngati mwalowa nkhungu. Akuti matendawa amakonda kukula pa sabata yachiwiri, ndipo ine ndangoilowa kumene. Sanandinamize, ndawathokoza.

Timapaipi sitikukwananso. Andiika chigoba chonga cha aphunzitsi, malita 10. Shuga wakwera chifukwa cha mapiritsi aja, ayamba kundibaya chala katatu patsiku.

Kankhanu 85. Mantha alipo.

Loweruka, pa 10

Malita 15. Geji yoyezera mpweya siipitirira pamenepo, ndikudziwa.

Ndinadziipitsira pabedi masana. Ndinalephera ngakhale kukweza dzanja kuti ndiitane. Kamphepo anatseka makatani, n'kundisambitsa ndi madzi ofunda, n'kusintha nsalu ine ndili pomwepo, akunditembenuza uku ndi uku. Ndi msinkhu wa mwana wanga. Ndinalira. Iye ankangondifunsa mtengo wa geti la zitseko ziwiri, ngati palibe chikuchitika.

Lamlungu, pa 11

Ndalemba ndine namwino, bambowa andilozera kabukuka ndi chala. M'mawa 83, masana 86, madzulo 88 atagona chafufumimba. Amwa tiyi masipuni khumi ndi awiri, ndawamwetsa pochotsa chigoba pang'onopang'ono. Ndawaikira foni pakhutu, akazi awo ayankhula nawo. Sanayankhe koma amva. Bambo, mukadzawerenga izi mudziwe kuti munalimba.

Lolemba, pa 12

89.

Abutcha atisiya m'mawa uno. Anamwino onse awiri ndi adokotala analimbana nawo nthawi yaitali kuseri kwa katani. Kamphepo atatuluka anaima pasinki, n'kusamba m'manja nthawi yaitali kuposa masiku onse. Kenaka anabwera kudzanditembenuza.

Lachiwiri, pa 13

Thupi lazizira, 37. Kankhanu 91 pa malita 12. Ndadya dzira lonse ndi theka la nthochi, ndekha, ndi dzanja langa.

Ndawerenga zimene analemba Kamphepo Lamlungu. Za foniyo ndikukumbukira pang'ono. Amayi akunyumba ankandiuza kuti chitseko cha bafa chagwanso, ndiye ndisachedwe kuno.

Pa bedi 7 agonekapo kale munthu wina, woyendetsa lole. Akukana kugona chafufumimba. Ndamuuza kuti asataye nthawi, mlanduwo ine ndinaluza kale.

Lachitatu, pa 14

Lero ndilemba zambiri, dzanja likalola.

Kuyambira m'mawa anamwino amanong'onezana pakhomo. Bambo wa imvi amene amakoka masilinda a mpweya pa ngolo ndiye anatiululira: galimoto yobweretsa okosijeni siibwera lero, mwina mawa madzulo, chifukwa zipatala zonse zikulimbirana. M'nyumba yosungiramo mwatsala masilinda asanu ndi anayi, ndipo mmisiri wa chipatala amene amaona za mageji ali kunyumba, nayenso mliri wamugwira.

Ndinagona n'kumawerengera. Silinda yaikulu ngati izi, pa malita 15, imayenera kufika maola asanu ndi awiri. Ya aphunzitsi anaisintha ndikuona nthawi ya tiyi wam'mawa, koma pofika chakudya chamasana muvi wa geji unali utagona kale. Maola asanu osakwana. Ndinachotsa chigoba changa kamphindi, n'kutchera khutu. Pansi pa phokoso lonse la muno ndinamva kamluzu kaja, kakang'ono ngati ka njoka. Khutu la wowotcherera likhoza kugontha pa zonse, koma osati pa kameneko.

Ndinaitana Kamphepo. Choyamba anandibwezera chigoba n'kundikalipira. Kenaka ndinamuuza, mawu awiriawiri, kuti silindayo ikutaya mpweya pakhosi pomwe geji imalumikizana nayo. Anaitana Sisitala. Sisitala anandiyang'ana ngati ndikubwebweta ndi malungo. Ndinapempha madzi a sopo wotsukira mbale m'kapu, ndi thonje. Kamphepo anadontheza pakhosi pa silindayo, thovu n'kuyamba kutukumuka ngati mkaka pamoto. Sisitala anangotenga kapuyo yekha n'kuzungulira nayo wodi yonse. Mwa masilinda khumi ndi limodzi amene amagwira ntchito, asanu amataya. Imodzi inali yanga.

Bambo wa ngolo uja, pofuna kuthandiza, anabwera ndi kabotolo ka mafuta odzola kuti apake pamazinga, geji imange bwino. Sindikudziwa mphamvu ndinazitenga kuti. Ndinamenya chitsulo cha bedi ndi sipuni mpaka onse anatembenuka.

"Mafuta ayi," ndinatero. "Mafuta ndi okosijeni ndi moto. Tipsa tonse muno."

Anabisa kabotoloko kumbuyo ngati mwana wogwidwa ndi shuga. Si kulakwa kwake, palibe anamuphunzitsapo.

Vuto ndi timphira tozungulira timene timakhala kukamwa kwa geji. Tatha, tina taphwanyika chifukwa chomanga ndi mphamvu. Sisitala anati sangalole chinthu cha kushopu ya zitsulo chilowe pa mpweya wa odwala popanda mwini ntchito kuvomera, ndipo ndinamulemekeza pa chimenecho. Anaimbira mmisiri wodwala uja, n'kundiikira foni. Tinakambirana akutsokomola uko, ine ndikutsokomola kuno, ngati mbuzi ziwiri. Tinagwirizana kukula kwake, ndipo anati ngati tili tatsopano, ta okosijeni, m'paketi yosatsegula, palibe chovuta. Ndili nayo paketi yotero m'kabati ya kushopu, m'chitini chakale cha mabisiketi. Kamphepo anaimbira mwana wanga.

Anafika nayo kugeti dzuwa lisanalowe. Anamwino anasintha timphirato wodwala mmodzimmodzi. Kamphepo amayamba wasamutsira wodwala pa kasilinda kakang'ono koyenda nako, Sisitala n'kutseka yaikulu, kumasula geji, kuika kamphira ndi magolovesi oyera, ine ndikulozera ndili chigonere. Pa aphunzitsi ndi pomwe tinachita mantha. Kankhanu kawo kanatsika kufika 79 pamene amawasamutsa, maso ali tong'o. Kamphepo anawagwira dzanja, nkhope yake pafupi ndi yawo, akuwawerengera mpweya: kokani, tulutsani, kokani, tulutsani. Sanayang'ane kumbali ngakhale kamodzi mpaka Sisitala anati tamaliza. Anadontheza sopo. Thovu silinatuluke.

Ndatopa ngati ndasenza njanji. Kankhanu 90.

Lachinayi, pa 15

Tsiku lonse maso athu anali pa zenera langa, poti limayang'ana kumsewu wolowera. Anamwino amazungulira ndi kankhanu ola lililonse, kutsitsa malita kwa aliyense amene angapirire, kuti otsalawo apite kwa ovutikitsitsa. Ine ananditsitsa pa 8, ndinapirira. Woyendetsa lole uja anagona chafufumimba tsiku lonse osadandaula, akuti ndiko kusonkha kwake.

Galimoto inafika nthawi ya 4 koloko. Bambo wa ngolo akuti m'nyumba yosungiramo munali mutatsala silinda imodzi ndi theka. Sisitala anawerengera papepala, n'kunena kuti tikanapitiriza kutaya muja timatayira, mpweya ukanatha m'mamawa.

Amene anali ndi mphamvu anaomba m'manja, ena anamenya masipuni pamabedi. Palibe amene watisiya dzulo kapena lero. Sisitala podutsa pa bedi langa anaima, n'kundikonzera pilo amene anali bwinobwino kale, n'kupitirira.

Lachisanu, pa 16

Kamphepo sanabwere. Anamuyeza, amupeza nawo matendawa. Ali kwawo, m'chipinda chayekha. Ali ndi mwana woyamwa amene wakhala akumuonera pawindo miyezi iwiri, zimenezi ndamva lero kwa mnzake. Kwa ife sanatchulepo.

Chakudya chinandikanika. Ndikuganiza za nkhope yake pafupi ndi ya aphunzitsi, ndi tsiku limene anandisambitsa ndikumutsokomolera.

Malita 6, ndabwerera pa timapaipi. 92.

Loweruka, pa 17

M'malo mwake mwabwera namwino wachimuna, wodekha, amene amang'ung'udza nyimbo posintha diripi. Wandiphunzitsa kupuma ndi mimba: kukoka ndi mphuno, kusunga pang'ono, kutulutsa ngati ukuuzira tiyi. Kakhumi pa ola. Wandikhazikanso pampando mphindi makumi awiri. Miyendo yaonda ngati ndodo zowotcherera.

Ndamva fungo la lalanje. Ndinalisenda n'kungokhala nalo pamphuno mpaka woyendetsa lole anafunsa ngati ndikulipempherera.

Lolemba, pa 19

Sisitala anabwera ndi foni yake m'kathumba kapulasitiki, n'kuti pali wina akufuna bedi 6. Anali Kamphepo. Mawu asasa, koma akuti kutentha kwatsika ndipo kankhanu kake kali pa 96. Ndinayamba kupepesa kuti mwina ndine ndinamupatsira. Anandidula, akuti muno munali anthu khumi ndi anayi otsokomola, ndisadzitame kuti ndine ndekha. Kenaka anafunsa maola amene ndagona chafufumimba dzulo. Ndinati asanu ndi limodzi. Sisitala ali pambali anati anayi.

Malita 3. 93. Shuga wayamba kutsika.

Lachiwiri, pa 20

Aphunzitsi awachotsa chigoba chachikulu, ali pa timapaipi. Kwa nthawi yoyamba ndamva mawu awo, ndi aakulu, a munthu wozolowera kalasi. Anandithokoza mwaulemu wonse, kenaka n'kupempha kuona chimene ndimalemba masiku onsewa. Ndinawapatsa. Anawerenga ndi pensulo m'manja. Abweza kabukuka atakonza mawu asanu ndi atatu, akuti nkhani ndi yabwino koma zizindikiro zopumira ndimaziika ngati ndikumwaza mbewu. Ndinawauza kuti masiku amenewo kupumako ndiye kunali kosowa. Anaseka mpaka namwino anabwera kudzawaletsa.

Lachitatu, pa 21

Lita imodzi. Sisitala wandipempha kuti ndiphunzitse onse okoka masilinda, poti mmisiri sanachirebe. Anabwera anayi, atavala zapulasitiki zawo, n'kuima mozungulira bedi. Ndawaonetsa kuyesa ndi sopo, kumanga geji osaikakamiza, kutsegula silinda pang'onopang'ono utaima kumbali, ndi kumangirira silinda kukhoma kuti isagwe. Za mafuta anafotokoza yekha bambo wa ngolo uja, bwino kuposa ine. Aphunzitsi analemba zonse ndi zilembo zawo zokongola, pepalalo alimata pakhomo la nyumba yosungiramo.

Lachinayi, pa 22

Andichotsa mpweya nthawi ya 9 m'mawa. Mphuno ikumva ngati yavula nsapato. Nditakhala: 93.

Kuti munthu atuluke amayenera kuyenda mphindi zisanu ndi imodzi m'khonde, kankhanu kali pachala, osatsika pa 90. Ndinayesa masana. Pa mphindi yachitatu khoma linayamba kuyenda lokha, 86. Namwino wanyimbo uja anandikhazika pampando umene amandikokera kumbuyo, n'kundibwezera timapaipi kwa ola limodzi. Ndinakwiya. Iye anati chitsulo chotentha sachiviika m'madzi, ndipo zimenezi ndine ndiyenera kuzidziwa kuposa iye.

Loweruka, pa 24

Tsiku lachiwiri lopanda mpweya wa m'silinda. Ndikuyenda kuchoka pabedi kukafika pasinki, kanayi patsiku. Ndameta ndevu ndekha. Zamera zoyera zokhazokha, munthu wa pagalasiyo ndi malemu bambo anga.

Woyendetsa lole ali pa malita 4. Bedi 12 ndi bedi 2 atuluka lero. Aliyense akamatuluka anamwino amaima pakhomo n'kuomba m'manja, magolovesi akulira phwaphwaphwa.

Lamlungu, pa 25

Ndayenda mphindi zisanu ndi imodzi. Aphunzitsi amawerenga nthawi pa wotchi yawo ali pabedi, akulengeza mphindi iliyonse ngati pa mayeso. Pothera kankhanu kanati 92. Ndinapempha kuwonjezera ina imodzi, namwino anakana.

Adokotala akuti ndituluka mawa. Mapapo adzatenga miyezi kuti ayere, utsi wa kushopu ndiutalikire kufikira atandionanso. Mapiritsi a magazi milungu iwiri. Aphunzitsi akuti adzatuluka Lachinayi, zikapitirira chonchi.

Lolemba, pa 26

Ndikulongedza chikwama ndinamva mapazi othamanga m'khonde, ndinawadziwa ndisanatembenuke. Kamphepo wabwerera lero. Waonda, chovala chapulasitiki chikumukhuthukira, koma liwiro ndi lomwe lija. Anayamba wandipana kankhanu asanandipatse moni. 95.

Ndinakonza mawu ambiri oti ndimuuze, onse anathawa. Ndinangoti, "Mwanangu, Mulungu akusunge," lilime n'kupotoka pa mawu oyambawo. Anaseka, n'kuti mwana wake wamunyamula dzulo koyamba, ndipo anamuluma chala, mano awiri amera iye kulibe.

Lamulo ndi loti wotuluka amukankhe pa njinga ya odwala mpaka pakhomo. Ndinakana. Iye anati lamulo ndi lamulo. Sisitala ndiye anaweruza: njinga ipite pakhomo monga mwa lamulo, koma lamulolo silinena kuti akhalepo ndani. Tinakweza chikwama, ine n'kumaikankha. Ndinadutsa mabedi onse ndikutsanzika, aphunzitsi atakweza dzanja, woyendetsa lole akuliza hutala ndi pakamwa. Pakhomo anamwino anaomba m'manja, ndipo ndikulumbira kuti maso a Sisitala amaseka.

Kunja kunali mwana wanga ndi amayi ake. Amayi akunyumba anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kufunsa Kamphepo kuti theka linalo la mwamuna wawo alisiya kuti. Kenaka anagwira mkono wa jekete langa, osausiya mpaka kunyumba.

Lachiwiri, pa 27

Kunyumba. Ndagona m'chipinda cha ana, ndikhala ndekha masiku angapo monga anandiuzira. Zidzukulu zimabwera pawindo kudzaona ndevu. Mwana wanga wagula kankhanu kathukathu: m'mawa 95.

Masitepe atatu a pakhonde ndinawakwera mopumira kawiri. Kushopu sindinafunse n'komwe.

Masana ndinati ndikasambe ndekha. Amayi akunyumba anakana, ine ndinaumirira, mapeto ake anandiikira mpando m'bafa, iwo n'kukhala panja pa chitseko chija, chimene angochiimika, pa ndowa yovundikira. Ndinadzithira madzi pang'onopang'ono, ndikupuma ndi mimba. Pakangopita kamphindi osamva madzi, amagogoda.

"Abambo, mulipo?"

"Ndilipo."

Anafunsa kasanu ndi kawiri, ndipo kasanu ndi kawiri konse ndinayankha ndi mpweya wanga.